Haidirojeni anandigonthetsa khutu ndisanamudziwe dzina

Khutu langa lakumanzere silimva bwino. Tikakwera minibasi imodzi kuchoka ku depoti kupita ku Kawale ndipo mukufuna ticheze, khalani kudzanja langa lamanja, apo ayi mudzandiyesa wamwano. Linagontha mu 2022, m'kachipinda kosungiramo katundu kuseri kwa golosale ina ku Area 25.

Chaka chimenecho mukuchikumbukira. Mu Januwale namondwe Ana anawononga ku Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 n'kuchoka kamodzin'kamodzi pa magetsi a dziko lino. Magetsi ankabwera pakati pa usiku ngati mfiti, n'kuchoka anthu asanadzuke. Kwa ife amisiri a sola inali nyengo yokolola, tisabise. Aliyense wokhala ndi furiji ankafuna inveta ndi mabatire, ndipo aliyense wodziwa kugwira pulayala anasanduka injiniya.

Mayi a golosaleyo anandiyitana chifukwa mabatire awo anayi, omwe anawayikira munthu wina, ankauma msanga. "Amisiri, mabatirewa akumwa madzi ngati ng'ombe. Sabata yomwe ino ndathira kawiri." Kachipindako kanalibe windo, ndipo chitseko chinkakhala chokhoma tsiku lonse poopa akuba. Nditalowa ndinamva mabatire akubwata chapansipansi ngati phala lomwe layamba kupsa. Ndinadziwiratu kuti kontirola, kachipangizo koletsa moto batire likadzadza, ndi yachinyengo, ikungothira moto osaleka. Pamenepo ndinalondola. Ndinalakwa pa chotsatira. M'malo mozimitsa kaye moto wochokera ku sola ya padenga, kusiya chitseko chotsegula n'kukakhala panja kanthawi, ndinangotenga sipanala n'kuyamba kumasula waya pa batire moto ukuyenda.

Kunathetheka kamoto kochepa kwambiri, koposedwa ndi ka machesi. Ndinadzazindikira ndili khale pansi, chivundikiro cha batire chili zidutswazidutswa, ovolosi yanyowa ndi asidi. Mayi aja ankakuwa pakhomo koma ine ndinkangoona pakamwa pakuyenda. Chinandipulumutsa maso n'choti nthawi imeneyo ndinali nditacheukira kumanja kufuna tochi. Ananditsira madzi ndowa ziwiri. M'mawa mwake ovolosi ija inali mabowo okhaokha ngati yadyedwa ndi njenjete.

Kukoleji anatiuza ndithu kuti chipinda cha mabatire chizipita mphepo. Tinaloweza, tinakhoza mayeso, koma chifukwa chake sindinachifunse. Ndinachifufuza ndili chigonere kunyumba, thonje lili m'khutu. Batire la asidi likadzadza inu n'kumapitiriza kulithira moto, motowo umayamba kuswa madzi a m'kati kukhala mipweya iwiri, haidirojeni ndi okosijeni. Madzi omwe mayi aja ankathira kawiri pa sabata sankalowa pansi ayi, ankasanduka gasi n'kumadzadza m'batire ndi m'kachipinda muja. Haidirojeni alibe fungo, alibe mtundu, ndipo akangofika magawo 4 pa 100 alionse a mpweya, kamoto kalikonse kamamuyatsa. Ndinali nditalowa m'fakitale ya haidirojeni osadziwa, sipanala ili m'manja.

Chaka chotsatira, pa gulu lathu la amisiri la pa WhatsApp panayamba kuyenda nkhani za ku Namibia. Boma la kumeneko linali litasayinirana pangano ndi kampani ya Hyphen Hydrogen Energy kuti apange haidirojeni wambirimbiri ndi magetsi a dzuwa ndi mphepo, m'chipululu cha kufupi ndi Lüderitz. Wina anaponyapo kanema wa chigalimoto cha mumgodi chomwe a Anglo American anachionetsa mu 2022 ku mgodi wa Mogalakwena ku South Africa, chikuyendera haidirojeni. Ine mumtima ndinati: gasi anandigonthetsa uja anzathu akudyera! Ndinkadziona kale ndili ku Walvis Bay, doko la ku Namibiako, nditasiyana nazo zopsa mawondo pa malata a ku Chinsapo mwezi wa Okutobala.

Ndiye panabwera kalinki ka maphunziro a pa intaneti. Milungu isanu ndi umodzi, satifiketi "yodziwika padziko lonse". Mtengo wake unali lendi yanga ya miyezi iwiri, osawerengera mabandulo. Mayi a kunyumba anandifunsa funso limodzi lokha: "Bambo a mwana, amene akuphunzitsaniwo, alembapo munthu ntchito?" Ndinawayankha kuti za sayansi sangazimve. Ndinalipira.

Sindinganene kuti anandinamiza pa zomwe anaphunzitsa. Ndinadziwa kuti dziko lapansi limapanga kale matani oposa 90 miliyoni a haidirojeni pachaka, kuti pafupifupi yense amachokera ku gasi wa pansi pa nthaka ndi malasha, ndipo amathera m'mafakitale oyenga mafuta ndi opanga feteleza. Wopangidwa mosaipitsa mlengalenga sakwana ngakhale gawo limodzi pa 100. Ndinaloweza mayina a mitundu: wotuwa, wabuluu, wobiriwira, ngakhale gasiyo ndi mmodzi yemweyo, chosiyana ndi kapangidwe basi. Zonsezi ndi zoona, ndipo n'zokoma kuzikamba pa bawo. Koma milungu isanu ndi umodzi inatha ndisanagwire valavu ngakhale imodzi. Satifiketi inabwera pa imelo, chidindo chagolide pakona. Ndinakaisindikiza ku Old Town, n'kuimata pulasitiki. Chikomekome cha nkuyu.

Amene ananditsegula m'maso ndi bambo wina wachikulire yemwe ndinakumana naye ku Kanengo, ndikugwira ganyu yokoka mawaya pafakitale ina. Ndi Mmalawi mnzathu, anakhala zaka zambiri ku Joni akugwira ntchito m'fakitale ya mipweya, pano anapuma, amangoyitanidwa kudzayang'anira ntchito zikuluzikulu. Masana tikudya nsima ya bonya pansi pa mtengo, ndinatulutsa foni n'kuwaonetsa satifiketi ija. Anavala magalasi, anawerenga mpaka pansi, n'kundibwezera.

"Chabwino, mwana wanga. Ndikufunse zitatu. Payipi ya haidirojeni ikamatulutsa gasi, udziwa bwanji, poti alibe fungo?"

Ndinati pamakhala makina.

"Makina ati? Uwayika pati, pansi kapena kudenga?"

Ndinakhala chete.

"Chachiwiri. Madzi a pampopi ungathire mu electrolyser, makina oswa madzi ndi magetsi kuti patuluke haidirojeni?"

Apa ndinayankha molimba mtima kuti inde madala, a Lilongwe Water Board ndi oyera, timamwa. Anaseka mpaka kutsamwa, ndinachita kuwapatsira madzi.

"Chachitatu. Iyi payipi munali haidirojeni dzulo. Ndakutuma kuti uidule. Uyamba ndi chiyani?"

"Kutseka valavu."

"Kenako?"

"Kudula."

Anasamba m'manja pang'onopang'ono. "Ukatero ndiye kuti kunyumba kwako kuli wamasiye."

Zomwe ananena pambuyo pake ndi zimene zandichititsa kulemba nkhaniyi. Anati kulibe ntchito yotchedwa haidirojeni. Kuli wamagetsi, kuli wamapayipi, kuli wowotcherera, kuli woyang'anira mageji ndi masensa, kuli woyeza madzi, kuli woyendetsa makina. Onsewa alipo kale. Chomwe haidirojeni amawonjezera n'choti ukalakwitsa sakhululuka. Wolemba ntchito amayang'ana kaye ngati uli mmisiri weniweni pa ntchito yako, za gasiyu amakuphunzitsa pamwamba pake. Denga silikhala popanda zipupa. Ine ndinali nditagula denga.

Ndinapsa mtima masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinalemba mafunso atatu aja kuseri kwa satifiketi ndi maka, n'kuyamba kusaka mayankho ake. Ndinadabwa kuti ambiri anali mu Lilongwe momwemuno.

Loyamba linanditengera ku Mchesi, kwa amalume anga. Ndi owotcherera, zaka zoposa makumi atatu akupanga mageti ndi mabagala. Sukulu analekeza Sitandade 6. Ndinkawaderera, ndisaname, poti ine ndinali ndi mapepala. Tsiku limenelo ndinawapeza akulumikiza silinda yatsopano ya okosijeni. Anapukuta manja ndi nsanza youma, n'kundikalipira nditangoyandikira ndi manja a girisi: "Mphwanga, choka apo! Mafuta ndi okosijeni sizionana." Atamanga geji, anatenga kachitini ka madzi a sopo ndi burashi yakutha ya mano, n'kupaka polumikizira paliponse, mmodzimmodzi, osathamanga. Pa mfundo yachitatu panatuluka kathovu, kakukula pang'onopang'ono ngati diso la chule. Anatseka silinda, anatulutsa mpweya wotsala, anamanganso, anapakanso. Zonsezi osayankhula. Nditawafotokozera za haidirojeni anangoti, "Gasi aliyense ndi wakuba. Umamusaka pakhomo pomwe angatulukire."

Sopo yekhayo sakwanira pa fakitale ya haidirojeni, koma mtima wake ndi womwewo. Kusiyana n'koti wakuba uyu ndi wochepetsetsa pa onse. Amadutsa pomwe mpweya wamba sungadutse, ndiye mfundo yomwe yapirira madzi kapena gasi wophikira ikhoza kumutaya. Amalowanso m'kati mwa zitsulo zina, makamaka zolimba kwambiri, n'kuzichititsa kukhala zosachedwa kuthetheka ming'alu. N'chifukwa chake sungatole payipi iliyonse ku Malangalanga n'kuilumikiza, ndiponso wowotcherera wake amayenera kukhala woyesedwa, zowotcherera zake n'kupimidwa. Mphamvu yomwe amamupanikizira nayonso si yamasewera. Tayala la galimoto yaing'ono timapopa mabar awiri ndi pang'ono. Matanki a haidirojeni a m'magalimoto amasunga mabar 350 kapena 700.

Za kudenga kapena pansi, yankho ndi kudenga. Gasi wophikira uja ndi wolemera kuposa mpweya, akathawa amakhala pansi, ndipo amamuthira fungo dala kuti timumve. Haidirojeni ndi wopepuka pafupifupi ka 14 kuposa mpweya, amathamangira m'mwamba n'kukaunjikana pansi pa denga. Sensa imakhala pamwamba, potulukira mpweya pamakhalanso pamwamba penipeni. Amayaka kuyambira magawo 4 mpaka 75 pa 100, ndipo kamoto kochokera ku juzi ya nayiloni ndi kokwanira. Choopsa china, lawi lake masana silioneka bwino. Madala a ku Kanengo aja anandiuza njira yakale ya amisiri: poyandikira payipi yokayikitsa, unkayenda utatsogoza tsache la udzu. Tsache likayaka, waima. Lero kuli makamera oona kutentha, koma ine za tsachezo sindiziiwala.

Funso la madzi silinavute. Yang'anani m'ketulo yanu, muona zoyera zomatirira pansi. Ndi michere ya m'madzi. Thupi lathu siidandaula nayo, koma electrolyser imawonongeka, makamaka ya mtundu wotchedwa PEM yomwe m'kati mwake muli platinum ndi iridium, zitsulo zodula koopsa. Imafuna madzi ochotsedwa mchere wonse, ndipo amayezedwa ndi kachipangizo koona mmene akudutsitsira magetsi: akamadutsitsa kwambiri ndiye kuti ndi akuda, ngakhale aoneke mbee. Makina osefa madzi motere alipo kale m'mafakitale a madzi a m'mabotolo. Ndinapempha mnzanga wogwira ntchito pa ina mwa mafakitalewa kuti ndizimuthandiza Loweruka kwaulere. Miyezi itatu ndinaphunzira kusintha zosefera, kuwerenga mageji ndi kulemba zotsatira m'buku.

Funso lachitatu ndi limene linasintha kagwiridwe kanga ka ntchito, ngakhale kuti payipi ya haidirojeni sindinaidulepo mpaka lero. Kutseka valavu ndi chiyambi chabe. Umaitseka, n'kuikhoma ndi loko wako, kiyi n'kuika m'thumba mwako, n'kupachikapo chikwangwani cha dzina lako. Umatulutsa gasi wotsala kudzera potulukira pake, panja, m'mwamba. Kenako umatsuka m'payipimo ndi nayitirojeni, gasi wosayaka, kangapo konse, kuti haidirojeni asakumane ndi mpweya. Ukatero umayeza ndi chipangizo. Nayitirojeniyonso samusekerera, m'chipinda chotseka amakomola munthu osamva kanthu. Zonse zikatheka, woyang'anira amasayina chikalata chololeza ntchito, ndipo ndi pokhapo pomwe umagwira sowo. Pobwezeretsa ndi chimodzimodzi, umachotsa kaye mpweya ndi nayitirojeni usanalowetse haidirojeni.

Ndinagula maloko awiri ofiira ku msika wa Tsoka. Tsopano ndikazimitsa meni switchi pa nyumba ya munthu, ndimakhoma bokosilo. Bwana wina ku Area 47 anandiseka: "Amisiri, mukuopa kuti tikuberani magetsi athu omwe?" Pasanathe ola, mwana wawo wantchito anabwera akufuna kuyatsa kuti asite malaya a bwana, ine manja ali m'kati mwa soketi kuchipinda. Anapeza loko. Bwana uja sanasekenso.

Pali mbali imodzi yomwe ife a sola tili patsogolo, ndipo anzanga ambiri sadziwa. Electrolyser imadya moto wa DC, wa mtundu wochokera m'mabatire ndi sola, womwewo timasewera nawo tsiku lililonse. M'kati mwake muli timaselo tambirimbiri tolumikizidwa mondondozana, kalikonse kamafuna pafupifupi mavoti awiri, monga momwe alili maselo a m'batire. Kungoti ma amp ake ndi ochuluka zedi, ndiye mfundo yomasuka pang'ono imatentha ngati mbaula. Ukakhala ukutenga moto wa ESCOM, pamafunika rectifier yosandutsa moto wawo wa AC kukhala DC. Munthu wodziwa kusankha kukula kwa waya, kumanga mfundo ndi sipanala yoyeza mphamvu, kuyika earth yoona ndi kuwerenga chojambula cha mawaya, ali kale pakhomo. Wongolumikiza chofiira ku chofiira, chakuda ku chakuda, ali kutali ngakhale akhale ndi masatifiketi khumi.

Ndili ndi achinyamata atatu omwe ndimawaphunzitsa ntchito, anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi. Tsiku lina ndinawapangira chionetsero pabwalo, kunja. Botolo lagalasi la madzi, supuni ya soda, timakala tiwiri ta m'kati mwa mabatire akutha a tochi, ndi batire laling'ono la njinga yamoto. Mchere musathire, umatulutsa klorini yemwe ndi poizoni. Titangolumikiza, timathovu tinayamba kukwera mbali zonse ziwiri, koma ku negetivu tinkachuluka moonekeratu. Ameneyo ndiye haidirojeni, amatuluka magawo awiri pomwe okosijeni watuluka limodzi. Tinakola pang'ono m'kabotolo ka mankhwala kozondotsa, n'kuyandikiza machesi. Kanalira kuti "pho!" Anyamata anaseka, akufuna tikole m'chigubu. Ndinawaonetsa khutu langa.

Masamu ake ndiwo anandiziziritsa mtima, ndipo ndi bwino nanunso muwadziwe musanagulitse njinga. Kuti upeze kilogalamu imodzi ya haidirojeni pamafunika malita 9 a madzi oyeretsedwa, ndi mayunitsi a magetsi oposa 50. Kilogalamu imeneyo ukaiwotcha imakubwezera mphamvu yokwana mayunitsi pafupifupi 33. Ukafuna kuisandutsanso magetsi, pamatayikanso ina yambiri. Sola ya makilowati asanu, yomwe kuno timaiyesa yaikulu ya bwana, tsiku la dzuwa labwino imapereka mayunitsi makumi awiri ndi angapo. Ndiye kuti masiku awiri athunthu, furiji ndi TV zili chozimitsa, kuti upeze kilogalamu imodzi. Pa zounikira m'nyumba ndi kutchaja foni, batire limaposa kutalitali. Ndipo wina akakuuzani kuti akuikirani kabotolo m'galimoto kuti iziyendera madzi, monga ndinaonera pa galaja ina ku Biwi, gwirani chikwama chanu. Moto woswera madziwo ukuchokera ku injini yomweyo yomwe ikumwa petulo, ndipo mumataya wambiri kuposa womwe mwapeza. Kuwonjezera apo kabotoloko kamasakaniza haidirojeni ndi okosijeni malo amodzi, zomwe zinandiphulikira ine zija.

Nanga phindu lake lili pati kwa ife? Ine ndimaliona m'thumba la feteleza. Yureya amapangidwa kuchokera ku amoniya, ndipo amoniya ndi nayitirojeni wa mumpweya womwe tikupumawu wophatikizidwa ndi haidirojeni, mwa njira yotchedwa Haber-Bosch. Tani imodzi ya amoniya imafuna makilogalamu pafupifupi 180 a haidirojeni. Feteleza yemwe amatisowetsa tulo chaka chilichonse, yemwe amadya ndalama zakunja ndi kuimika makolo athu pamizere, pakati pake pali gasi ameneyu. Si maloto a azungu okha. Ku Kwekwe ku Zimbabwe, fakitale ya Sable Chemicals inakhala zaka zambiri ikupanga haidirojeni poswa madzi ndi magetsi, n'kumapangira feteleza. Chomwe chinkailemetsa ndi kuchuluka kwa magetsi omwe inkadya. Ife pano tili ndi sola ya mamegawati 60 ku Salima, yomwe inayamba mu 2021, ndi ya mamegawati 20 ku Golomoti yokhala ndi mabatire, koma magetsi sakukwanira ndi m'nyumba momwe. Fakitale yotere singabwere mawa. Zing'onozing'ono ndizo zayamba kununkhira: akatswiri a yunivesite ya Loughborough ku Britain anakonza makina ophatikiza batire ndi electrolyser oti ayesedwe pa chipatala cha boma cha Mwanza, gasi wake n'kumaphikira. Makina otere akadzawonongeka, wokonza sadzachokera ku Britain ulendo uliwonse.

Achinyamata amandifunsa kuti ndiye tikaphunzire kuti. Ndimawauza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Lilongwe Technical College ilipo, Namitete ilipo, Don Bosco ku Area 23 ilipo. Tenga zamagetsi, zowotcherera, zamapayipi kapena zamafiriji, uzimalize mpaka pamwamba, usathawe ukangodziwa kupeza ya sopo. Wamagetsi atenge chilolezo cha MERA. Wokhoza bwino masamu ndi sayansi ayang'ane ku Mzuzu University, komwe akhala akuphunzitsa za mphamvu zongowonjezereka kwa zaka zambiri, kapena uinjiniya ku MUBAS ndi ku MUST. Kwa amisiri ngati amalume anga, amene luso lili m'manja koma pepala alibe, TEVETA ili ndi njira yoyesa zomwe munthu anaphunzira pa ntchito n'kumupatsa satifiketi. Ndawanyengerera chaka chathunthu, amangoti, "Geti langa ndiye satifiketi." Mwina anyamata awo adzapita.

Amene muli pa ntchito m'makampani, dziwani kuti olemba ntchito amapereka 1 peresenti ya malipiro a antchito ku thumba la TEVET. Ndalama imeneyo ndi ya maphunziro a ntchito zamanja. Funsani abwana anu za maphunziro a chitetezo pa mipweya, a kuzimitsa moto, a thandizo loyamba. Ambiri safunsa, amaopa kuoneka ovuta, chonsecho safunsa anadya phula. Ndipo chomwe ndingakonde kuti oyendetsa makoleji amve n'chakuti tisathamangire kutsegula kozi ya dzina lokongola mulibe ndi silinda imodzi yomwe. Ku South Africa pulogalamu yawo ya haidirojeni yotchedwa HySA inayamba mu 2008, ndipo ali ndi platinum wambiri kuposa dziko lina lililonse, koma mpaka pano akumangabe. Ku Walvis Bay a Cleanergy Solutions Namibia anamanga sukulu yawo ya haidirojeni pamalo pomwe pali electrolyser yeniyeni, wophunzira azigwira chomwe akuphunziracho. Kwathu kuno kungowonjezera milungu ingapo ya chitetezo cha gasi, kuyeza kuthawa kwa mpweya ndi kukhoma maloko m'makozi omwe alipo kale, kukanapulumutsa makutu ambiri chaka chomwe chino.

Zina ziwiri zomwe palibe anandiuza. Chingerezi cha m'mabuku a makina n'chosiyana ndi cha pa Facebook. Zolowerani kuwerenga kabuku kobwera ndi inveta mpaka kumapeto, m'malo mokayatsira mbaula. Chachiwiri, sungani buku la ntchito zanu: tsiku, malo, chomwe munapeza, manambala omwe munayeza, chomwe munachita, ndi saini ya mwini ntchito. Langa ndi kope lachikuto cholimba la ana asukulu. Ndi limene linandipezetsa kontirakiti yosamalira chipinda cha mabatire pa ofesi ina ku City Centre. Satifiketi yagolide ija sanaifunse n'komwe.

Ku Namibia ndinatumizako makalata kawiri, yankho silinabwere. Sindidabwa, ntchito zambiri za kumeneko anazilonjeza kwa eni dziko, ndipo ife tikanachitanso chimodzimodzi. Mayi a kunyumba akafuna kundiseka amandiyitana kuti "a Walvis Bay", makamaka lendi ikayandikira.

Mwezi wathawu mayi a ku Area 25 aja anandiyitananso, akufuna kuwonjezera mabatire. Nditachira ulendo uja ndinawasinthira kontirola n'kuboola mabowo awiri pakhoma, lina pansi, lina pamwamba penipeni, ngakhale ankadandaula kuti mulowa makoswe. Ulendo uno ndinapita ndi mtsikana ndimamuphunzitsa uja. Ndinamupatsa bokosi la zida, ine n'kutsalira pakauntala ndikumwa Fanta. Patapita kanthawi mayi aja anabwera akung'ung'udza.

"Amisiri, mwana wanuyu ndi waulesi. Wangotsegula chitseko, wazimitsa zinthu, wakhoma loko, ndiye wangokhala pa kreti panja. Akuti bowo lapamwamba mwatseka ndi katoni ya sopo."

Ndinapita kukaona. Katoni inalidi pamenepo, yothinikizidwa bwinobwino kuti fumbi lisalowe. Mtsikanayo anali ataichotsa n'kuiyika pakhomo, sipanala ili m'thumba la ovolosi, maso ali pa wotchi ya pafoni.

"Kwatsala mphindi khumi, abwana," anatero, osadzuka pa kreti paja.